Ulendo wa m'midzi ya m'mbali mwa Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri a kumtunda amamva za Chikwawa ndi Nsanje pokhapokha madzi akasefukira. Wailesi ikangotchula Makhanga kapena Nyachikadza, aliyense amadziwiratu kuti nkhani yake ndi ya mahema ndi ufa wa thandizo. Zimandiwawa, chifukwa miyezi yambiri ya chaka Shire yemweyo ndiye amadyetsa anthu, ndipo midzi ya m'mbali mwake ili ndi zambiri zoti Mmalawi aliyense akaone ndi maso ake. Nawa mafunso amene ofuna kupitako amafunsa kawirikawiri.

Kodi kuchigwa kwenikweni ndi kuti?

Chigwa chimayambira pa mathithi a Kapichira, pamene Shire amasiya kudumpha miyala n'kuyamba kuyenda mofatsa, ndipo chimakafika ku Marka, pa malire ndi Mozambique. Maboma ake ndi awiri, Chikwawa ndi Nsanje. Mukamatsika phiri kuchokera ku Blantyre pa msewu wa M1, pemphani woyendetsa aime pang'ono pa makona a kumtunda kwa Thabwa ngati galimoto ndi yanu. Pamenepo chigwa chonse chimaonekera, mtsinje ukupindikapindika mpaka kuzimiririka mu nkhungu ya kutentha. Malo otsikitsitsa m'Malawi muno ali kunoko, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pa mamita opitirira 1,000. Juzi imene munavala ku Limbe mudzaivula musanawoloke mlatho wa Kamuzu.

Ndipite mwezi uti?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Madzi amakhala ataphwera, misewu yafumbi yauma, usiku kumagoneka, ndipo madimba amakhala obiriwira. Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40. Nyama zakutchire zimaoneka bwino nthawi imeneyo chifukwa zimasonkhana pa madzi, koma ana aang'ono ndi achikulire musawatengere ku dzuwa limenelo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi musapite kukacheza m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje pokhapokha muli ndi abale okuuzani za madzi tsiku ndi tsiku. Chigwa chikhoza kusefukira kunja kuli ngwee, chifukwa madzi ake amachokera ku Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Mwanza kudzera mu Ruo, Likhubula, Mwanza ndi mitsinje ina.

Mayendedwe ake ndi otani?

Kuchokera ku Blantyre kukafika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo ku Nsanje ndi pafupifupi 180. Maminibasi amayenda tsiku lonse kudutsa pa Thabwa, Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Sorgin, Bangula ndi Tengani. Vuto silikhala pa M1 ayi, koma mukapatuka kulowera kumtsinje. Kumeneko mfumu ya msewu ndi kabaza, wa njinga yakapalasa kapena yamoto. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo ngati mukufuna kuti adzakutengeni madzulo, tengani nambala yake. Wakabaza wa m'deralo amadziwa doko limene lili ndi bwato lero ndi khwawa limene ladula njira, zinthu zimene mapu a pa foni sangakuuzeni.

Nanga tsidya la kum'mawa kwa Shire amafikako bwanji?

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kupatuka pa Thabwa musanawoloke mlatho, n'kutsata msewu wa m'munsi mwa mapiri a Thyolo kudutsa Livunzu, Nkhate, Masenjere mpaka ku Fatima ndi Muona. Uku ndi kwa mpunga, ndipo timitsinje tambiri totsika m'phiri timadula msewuwu nthawi ya dzinja. Yachiwiri ndi kuwoloka pa bwato kuchokera ku Bangula, pa Mtayamoyo. Kale sitima yapamtunda inkadutsa pamenepa kupita ku Chiromo ndi Makhanga, koma mu 1997 madzi anakokolola njirayo, ndipo anthu akhala akuwoloka pa mabwato pamodzi ndi njinga, mbuzi ndi matumba a chimanga. Mukaona bwato ladzaza, dikirani lina. Palibe chimene mukuthamangira chimene chingapose moyo wanu.

Kodi n'zoona kuti munthu angathe kulowa mu Elephant Marsh pa bwato?

N'zoona, ndipo ngati muli ndi tsiku limodzi lokha kuchigwa, lipatseni dambo limeneli. Ndi malo amene Shire amamwazikana n'kusanduka timifuleni, maiwe ndi zilumba za bango ndi gumbwa, kuyambira kumunsi kwa Chikwawa mpaka ku Chiromo. David Livingstone atadutsapo mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800, ndiye chiyambi cha dzinali. Njovuzo zinatha kalekale ndi mfuti za osaka minyanga. Zatsala ndi mbalame, mvuu, ng'ona ndi anthu ambirimbiri amene moyo wawo wonse uli pa madzi amenewa. Mu 2017 dambo lino linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, ndipo malo olembedwawo ndi mahekitala opitirira 60,000.

Alendo ambiri amakwerera bwato kwa Mchacha James, tsidya la kum'mawa, ngakhale madoko alipo ambiri mbali zonse ziwiri. Fikani m'bandakucha. Mukakhala pansi m'bwato, mwini wake amaima kumbuyo n'kumakankha ndi mtengo wautali, popeza malo ambiri ndi osaya moti nkhafi siigwira ntchito. Poyamba mumadutsa m'tinjira topanikiza, bango kukukwapulani m'mapewa, kenaka mwadzidzidzi mumatulukira pa thamanda lalikulu lodzaza maluwa a nyika. Akakowa amakhala mbuu pa mitengo, atsekwe akuuluka m'magulu, avuwo akusambira, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa. Asodzi mumawapeza akuvuula miono kapena akuponya chavi, ndipo pa tizilumba tina pali misasa pamene amawamba nsomba kwa masabata asanabwerere kumudzi.

Mufunseni wopalasayo za namasupuni. Adzakuuzani mmene chomera chimenechi chimatsekera njira usiku umodzi wokha mphepo ikatembenuka, ndi mmene matope ochokera ku mapiri ometedwa mitengo akukwiririra maiwe amene atate ake ankaphamo nsomba. Mtengo wa ulendo mugwirizane pa doko, pamaso pa anthu, ndipo musamunyengerere mpaka kumufinya. Kukankha bwato maola atatu pa dzuwa la kuchigwa si ntchito yamasewera.

Ng'ona ndi mvuu sizoopsa?

Ndi zoopsa, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse wa m'mbali mwa Shire uli ndi munthu amene anataya mwendo kapena m'bale. Musasambe mumtsinje, musalendewetse dzanja m'madzi muli m'bwato, ndipo musaime chofulatira madzi pa gombe madzulo. Mvuu yokhala ndi mwana imagubuduza bwato. Wopalasa akati tikhote apa, kapena tibwerere, musatsutse chifukwa chofuna chithunzi.

Eni chigwa ndi ayani, ndipo Chichewa amamva?

Chichewa chimamveka paliponse, simudzasowa wolankhula naye. Eni nthaka akale ndi Amang'anja, a mtundu wa Amaravi, ndipo mfumu yawo yaikulu ndi Lundu, amene likulu lake lili ku Mbewe m'boma la Chikwawa. Asena anabwera mochuluka kuchokera ku Zambezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa 1900, ambiri pothawa nkhondo ndi thangata la Apwitikizi, ndipo lero Chisena ndicho mudzamve kwambiri kuyambira ku Nchalo kutsikira ku Marka. Mafumu ena a ku Chikwawa, monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, ndi zidzukulu za Akololo amene anabwera ndi Livingstone n'kukhazikika konkuno.

Pa ukwati mitunduyi imasiyana. Kwa Amang'anja ana ndi a kuchikazi, pamene Asena amalowola ndipo mkazi amapita kwa mwamuna. Koma anthuwa akwatirana kwa mibadwo yambiri, moti m'banja limodzi mumapeza zonse ziwiri. Mukapatsidwa madzi kapena mpando kwa Asena, nenani kuti "takhuta", muone mmene nkhope zimasangalalira. Munthu wachikulire mukamutchula kuti mbuya simunalakwe.

Ndikafika m'mudzi ndiyambire pati?

Kwa amfumu. Musatsike njinga n'kuyamba kujambula ana ndi nyumba za anthu. Pezani wokuperekezani, akakutuleni kwa nyakwawa, mukhale pansi, mupereke moni mofatsa, munene kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Kaphukusi ka shuga, mchere kapena sopo n'kokwanira. Amayi atenge chitenje. Mukapeza maliro m'mudzimo, zocheza zanu ziyambe zaima, mukakhale nawo pa siwa ngakhale kanthawi kochepa.

Pali chinthu china chimene ndimapempha alendo a kumtunda. Nkhani za kulowa kufa ndi miyambo ina imene munamva pa wailesi musazitenge ngati moni. Mafumu, mipingo ndi amayi a m'midzi momwemo akhala akulimbana ndi nkhani zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo n'zopweteka kuti mlendo amene sanamwe n'komwe madzi a pamudzipo ayambe ndi funso limenelo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Kodi ku Khulubvi, kwa Mbona, mlendo amaloledwa?

Amaloledwa, koma si malo ongolowa ngati msika. Khulubvi ndi nkhalango yopatulika pafupi ndi boma la Nsanje, m'dera la Malemia, ndipo m'kati mwake muli kachisi wa Mbona, mlauli wa mvula wa Amang'anja. Mbiri yake imasimbidwa mosiyanasiyana malinga ndi wokamba, koma mutu wake ndi umodzi: Mbona anali ndi mphamvu yoitana mvula, anthu aulamuliro anamuchitira nsanje, iye anathawira kum'mwera, ndipo adani ake anamupeza ku Ndione. Zida zawo zinalephera kumulasa mpaka iye mwini atawauza chimene chingamuphe. Magazi ake akuti anasanduka mtsinje, ndipo mutu wake unaikidwa ku Khulubvi. Kuyambira pamenepo anthu akhala akupita kukapereka nsembe pa nthawi ya chilala, dzombe kapena mliri. Mwa mwambo, pamalopo pamakhala mayi wotchedwa Salima, amene amatengedwa ngati mkazi wa Mbona, ndipo kachisi akafuna kumangidwanso, mafumu a chigwa monga Lundu, Tengani ndi Ngabu amakhala ndi mbali yawo.

Kuti mufikeko, yambani mwapempha kudzera kwa mafumu ndi osunga malowo. Iwo ndiwo adzakuuzeni pamene muyenera kuvula nsapato, chovala choyenera, pamene mungafike ndi pamene simungapitirire. Musathyole kanthambi, musatole nkhuni, musaphe kanyama kalikonse, ndipo kamera isatuluke m'thumba musanaloledwe. Kaya ndinu Mkhristu kaya Msilamu, taonani chinthu chimodzi: mitengo ya m'madera ozungulira inatha ndi nkhwangwa, koma ya ku Khulubvi ikadali chiimire, ndipo palibe mlonda wa mfuti amene anaiteteza. Mu 2011 boma linapereka dzina la malowa ku UNESCO pa mndandanda wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati chuma cha dziko lonse.

Ndikadya chiyani?

Nsomba, choyamba. Mlamba wowamba, makakana, mphende, njole, ndipo ngati muli ndi mwayi, dowe, nsomba ija imene imadzikwirira m'matope madzi akauma n'kudikira mvula. Nsima ya mapira kapena ya mchewere muilawe, chifukwa mbewu zimenezi ndizo zimapirira mvula yochepa ya kuno. Miyezi ya madimba mbatata, maungu ndi chimanga chachiwisi zimakhala mbwee pomwe kumtunda kuli gwaa. Pa Dyeratu ndi pa Ngabu pali kanyenya wa mbuzi, ndipo chigwa ndi kwawo kwa ng'ombe. Masawu ndi malambe amagulitsidwa m'mbali mwa msewu nyengo yake ikafika. Okonda chakumwa adzamva za uchema, wogomedwa ku mitengo ya mgwalangwa. Wa m'mawa ndi wotsekemera, wa madzulo ndi waukali.

Nyika ndi nkhani ina. Ndi timizu ta maluwa a m'madzi aja, ndipo anthu amatiwiritsa n'kudya. Ena amadya mongokonda, koma chaka cha njala ndi imene imapulumutsa mabanja, ndipo amayi amaizula atamira m'madzi momwe muli ng'ona. Mukapatsidwa, idyani mwaulemu.

Magule ndingawaone kuti?

Magule satsata ndandanda ya alendo. Amapezeka pa ukwati, pa chikumbutso cha malemu, polonga mfumu kapena pa misonkhano. Funsani za utse, umene amavina amayi, za chikuzire, ndi za likhuba, gule wa ng'oma zambiri amene amuna amaonetsa mphamvu ndi kupepuka kwa thupi. Chimene simuyenera kuphonya ndi valimba, limba lalikulu la timatabwa tokhala ndi zikho pansi, loimbidwa ndi anthu angapo nthawi imodzi usiku wonse. Kwa Amang'anja, makamaka cha kwa Chapananga ndi kwa Lundu, kuli Gule Wamkulu, ndipo malamulo ake ndi omwe aja mukuwadziwa: patukani, musaloze, musafunse kuti wavalayo ndani. Gulu likakuvinirani mwapadera, lifupeni mooneka.

Nanga nyama zakutchire?

Malo ndi atatu. Majete, pafupi ndi Kapichira, anakhazikitsidwa mu 1955, koma pofika m'ma 1990 nyama zake zinali zitatsala pang'ono kutheratu ndi opha mozemba. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2003 mogwirizana ndi boma, n'kubweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006 ndi mikango mu 2012. Lero mungaone njovu zikumwa madzi mu Shire, ndipo Amalawi amalipira ndalama yochepa polowa kusiyana ndi alendo akunja. Uchi wa alimi a m'midzi yozungulira umagulitsidwa komweko.

Lengwe, pakati pa Chikwawa ndi Nchalo, ndi kwawo kwa boo, mbawala yokongola ya mizere yoyera imene kumpoto kwa chigwa chino siipezeka mwachilengedwe. Njira yabwino yoionera ndi kukhala phee m'kanyumba kobisalira pafupi ndi dziwe m'mamawa, njati, njiri ndi anyani zikubwera kudzamwa. Mwabvi, ku Nsanje, ndi kakang'ono, ka mitengo ya tsanya ndi zigwembe za miyala. Nyama n'zochepa ndipo msewu ndi wovuta, choncho ndi koyenera okonda kuyenda pansi m'tchire.

Pali malo a mbiri yakale?

Alipo, ngakhale ambiri alibe chikwangwani. Shire ndiye anali khomo lolowera m'dziko muno. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, ya mpingo wa Anglican, anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo anzake atachoka ku Magomero, kumene anayambira mishoniyo, anakakhala kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, kumene ena a iwo anaikidwa. Manda a Richard Thornton, mnyamata wofufuza miyala amene anamwalira mu 1863, ali kufupi ndi Kapichira. Pambuyo pake sitima zapamadzi zinkachokera ku Chinde kudzakocheza kwa Katunga, ndipo katundu ankakwera phiri pamitu ya amtengatenga kupita ku Blantyre. Nsanje pa nthawi ya atsamunda inkatchedwa Port Herald, ndipo njanji yochokera kumeneko inafika ku Blantyre mu 1908. Doko latsopano limene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010 lili pomwepo pa boma, koma sitima zimene ankayembekezera sizinabwere. Mukaima pa simenti yake mukuona Mozambique tsidya linalo, ndipo anthu amawoloka tsiku lililonse kukalima, kukagula ndi kukaona abale. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, midzi ya Nsanje inalandira othawa kwawo ochuluka zedi, ndipo maukwati a nthawi imeneyo analumikiza mbali ziwirizi kwambiri.

Madzi amawavutitsa chaka ndi chaka. Bwanji osangosamukira kumtunda?

Funso ili limafunsidwa ndi ukali, ngati kuti anthu a kuchigwa ndi osamva. Masoka ake ndi enieni. Mu Januwale 2015 Ruo anasintha njira n'kumiza midzi ya ku Makhanga. Mu 2019 kunabwera namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira dziko lonse n'kukhala mumdima, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu ambiri m'chigawo cha kum'mwera. Palibe wa kuchigwa amene amaseka madzi.

Koma mukayenda m'dimba mwezi wa Julayi mudzamvetsa. Kuno mlimi ali ndi minda iwiri. Wa kumphala umadalira mvula, ndipo mvula ya chigwa ndi yochepa ndiponso yosadalirika, kotero chimanga chimapserera kawirikawiri. Wa kudimba umadalira chinyontho ndi nthaka imene madzi osefukira amasiya, ndipo umabereka popanda feteleza, nthawi zina kawiri pa chaka. Onjezanipo nsomba, msipu wa ng'ombe, bango lomangira ndi mlaza wolukira mikeka. Munthu wa kwa Nyachikadza, m'dambo la Ndindi, mukamupatsa kapuloti pa mtunda wa miyala, mwamupulumutsa ku madzi a sabata ziwiri n'kumupereka ku njala ya chaka chonse. Malo abwino a kumtunda nawonso ali ndi eni ake, ena ndi minda ya nzimbe ya Illovo ku Nchalo imene inayamba m'zaka za m'ma 1960, ena ndi nkhalango zotetezedwa. N'chifukwa chake mabanja ambiri asankha kukhala pawiri: nyumba kumtunda, msasa kudimba. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo anthu a kuno amadziwa makwawa ake kuposa aliyense wowalangiza kuchokera mu ofesi.

Ngalande yaikulu yothirira imene boma likukumba kuchokera ku Kapichira mudzaiona m'njira. Ngati idzafikitsa madzi ku minda ya kumphala ya anthu wamba, mwina funso la kusamuka lidzayamba kuyankhika mosavuta. Ndipo ife a kumtunda tisaiwale kuti matope amene akukweza mitsinje ya kuchigwa ndi nthaka ya mapiri athu, amene tinadula mitengo yake kuotcha makala.

Za kogona, ndalama ndi thanzi ndikonzekere bwanji?

Nyumba zogona alendo za mitengo yotsika zilipo pa Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, ndipo ku Majete ndi Lengwe kuli malo ogona ndi omanga mahema. Funsani chipinda chokhala ndi neti ndi fani. Udzudzu wa kuchigwa ndi wambiri chaka chonse, choncho neti yanu ikhale m'chikwama ngati mukagona kumudzi, ndipo thupi likatentha mutabwerako, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Madzi odikha a m'maiwe ali ndi likodzo. Akumwa tengani a m'botolo kapena thirani mankhwala. A m'mijigo ina ya kuno ndi amchere, musadabwe. Zipatala zazikulu zili pa boma la Chikwawa ndi la Nsanje, komanso pali St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona.

Ndalama tengani zapamanja, zosinthasintha, chifukwa pa doko palibe wosintha K5,000 m'mawa ndipo netiweki imathawa mukalowa m'dambo. Kufupi ndi malire foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique n'kukudyerani mayunitsi. Ngati mukufuna kuwoloka malire enieni, dzerani pa chipata cha Marka ndi zikalata zanu. Pobwerera siyani malo m'chikwama a nsomba zowamba, mpunga wa ku Muona kapena Nkhate, ndi mkeka wa mlaza, ndipo mugule kwa amene anapanga, pa doko kapena pakhomo pake, osadikira wa pa msewu waukulu.